Zoyenera kuchita tebulo likasowa mu Excel kapena mu Google Sheets

Munthu akatsegula fayilo yake n'kupeza kuti tebulo limene anathera masiku akulikonza silikuonekanso, mtima umapita m'mwamba, ndipo ambiri amayamba kudinadina paliponse, kenako n'kusunga fayiloyo mwachizolowezi asanadziwe chimene chachitika. Kusunga mofulumira kotereku ndiko kumasandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu, chifukwa fayilo yolakwika imalowa m'malo mwa yabwino imene inali mu kompyuta. Nthawi zambiri tebulolo limakhala lisanafufutike, langobisika, choncho ntchito yoyamba ndiyo kudziwa ngati labisika kapena lachokadi. Musanakhudze china chilichonse, pitani mu foda imene muli fayiloyo, muikopere pambali ndi kuipatsa dzina lina, kuti mukhale ndi pobwerera zinthu zikapanda kuyenda bwino.

Ngati tebulolo lasowa fayilo ili yotsegula, yambani ndi Ctrl ndi Z. Excel imakumbukira zinthu zokwana 100 zimene mwachita pomalizira, ndipo mukhoza kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka tebulolo litatulukira. Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha fayiloyo isanatsekedwe, ndipo pali chinthu chimodzi chimene siingabweze mu Excel, chomwe ndi tsamba lonse limene lafufutidwa. Zikakhala choncho, tsekani fayiloyo osasunga, n'kuitsegulanso. Koma onani kaye pamwamba chakumanzere ngati AutoSave ili yoyatsa, pakuti fayilo zimene zili pa OneDrive, malo a Microsoft osungirako mafayilo pa intaneti, zimadzisunga zokha, ndipo kutseka osasunga sikungakuthandizeni.

Chida chimene ine ndimachidalira kwambiri pofufuza, ngakhale kuti anthu ambiri sachiyang'ana n'komwe, ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa Name Box, kamene kali kumanzere kwa malo olembapo fomula. Tebulo lililonse limene linapangidwa ndi Ctrl ndi T, kapena kudzera pa Insert ndi Table, limakhala ndi dzina lake, monga Table1 kapena dzina limene mwiniwake analipatsa. Mukadina kamuvi ka pa kabokosiko, mayinawo amaoneka, ndipo mukasankha limodzi, Excel imakutengerani pamene pali tebulolo. Zimachitika kuti munthu anangotsetsereka kupita kutali osazindikira, pakuti tsamba limodzi lili ndi mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384, ndipo kudina Ctrl pamodzi ndi kamuvi kolozera pansi kukhoza kukufikitsani kumapeto kwenikweni kumene kulibe kanthu. Ctrl ndi Home imakubwezerani koyambirira.

Ngati kabokosiko sikakukufikitsani pamalopo, tsegulani Name Manager podina Ctrl ndi F3. M'menemo mumaoneka dzina la tebulo pamodzi ndi tsamba limene likukhalamo, ngakhale tsambalo litakhala lobisika. Dzinalo likapezeka, dziwani kuti tebulo lanu lilipo ndithu, ndipo chatsala n'kulivundukula basi.

Tsamba lobisika limabwezedwa podina batani lakumanja la mausi pa dzina la tsamba lililonse m'munsi mwa sikirini, n'kusankha Unhide. Mu Google Sheets pitani pa View, kenako Hidden sheets, ndipo mu LibreOffice Calc pitani pa Sheet n'kusankha Show Sheet. Mawu akuti Unhide akaoneka ozimirira moti sangadinike, zifukwa zake zingakhale zitatu. Mwina palibe tsamba lobisika, mwina wina anatseka fayiloyo kudzera pa Review ndi Protect Workbook, kapena tsambalo linabisidwa mwa njira yozama imene Excel imaitcha xlSheetVeryHidden. Ngati fayiloyo inatsekedwa ndi mawu achinsinsi, funsani amene anaitseka, chifukwa kawirikawiri amakhala ndi chifukwa chake. Tsamba lobisidwa mozama lija silioneka pa mndandanda wa Unhide, koma mungalipeze podina Alt ndi F11, n'kulisankha pa mndandanda wa masamba umene uli kumanzere, kenako n'kudina F4 ndi kusintha mzere wa Visible kuti ukhale xlSheetVisible. M'malo amenewa musasinthemo china chilichonse ngati simunazolowere kugwiramo ntchito.

Nthawi zina mayina onse a masamba ndi amene amasowa. Pitani pa File, Options, Advanced, ndipo muchonge pa Show sheet tabs. Ngati sikirini yonse ili yotuwa, popanda ngakhale timabokosi, yesani View ndi Unhide, pakuti windo lonse la fayilo likhozanso kubisidwa.

Tsamba likakhala kuti lilipo koma tebulo silikuoneka, yang'anitsitsani manambala a mizere amene ali kumanzere ndi zilembo za makolamu zimene zili pamwamba, chifukwa ndiwo amaulula zambiri. Manambala akadumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 4 n'kufika pa 60, ndiye kuti mizere ya pakatipo yabisika. Apa mtundu wa manambalawo ndi wofunika kwambiri. Akakhala a buluu, chimene chabisa mizereyo ndi sefa, yomwe pa pulogalamuyi imalembedwa kuti Filter, ndipo mudzaona kachizindikiro kooneka ngati fanelo pa mutu wa kolamu ina. Sefa ikhoza kubisa mizere yonse n'kungosiya mitu yokha, makamaka pamene wina anasefa pofuna mawu amene pambuyo pake anasinthidwa kapena kuchotsedwa. Pitani pa Data n'kudina Clear, ndipo mizere yonse ibwerera. Manambala akakhala a mtundu wa masiku onse, ndiye kuti mizereyo inabisidwa ndi munthu. Dinani pa kangodya kamene kali pakati pa chilembo A ndi nambala 1 kuti musankhe tsamba lonse, kenako pitani pa Home, Format, Hide & Unhide, n'kusankha Unhide Rows, ndipo mubwereze zomwezo pa Unhide Columns. Mukaona kachizindikiro ka kuphatikiza m'mphepete mwa tsamba, mizereyo inangopindidwa m'gulu, ndipo kudina kachizindikiroko kumaitambasula.

Pali vuto lina losokoneza kwambiri limene limabwera ndi Freeze Panes, chida choimikira mizere kuti isasunthe mukamatsetsereka. Munthu akaimika mizere pamene tsamba lili lotsetsereka kale, tinene kuti mzere wa 20 ndiwo uli pamwamba, mizere 19 yoyambirira imatsekeredwa kunja ndipo siifikirika ngakhale mutayesa kukwera chotani, komanso Unhide siithandiza chifukwa mizereyo sinabisidwe. Mankhwala ake ndi View, Freeze Panes, kenako Unfreeze Panes.

Zimathekanso kuti timabokosi tikuoneka topanda kanthu pamene muli zinthu. Dinani kabokosi kamodzi pamalo amene panali tebulo, n'kuyang'ana pa malo olembapo fomula. Ngati pamenepo paoneka mawu kapena nambala, ndiye kuti zilembo zinasinthidwa kukhala zoyera, kapena kabokosiko kanapatsidwa kalembedwe ka zizindikiro zitatu izi ;;; kamene kamabisa zonse zolembedwa. Sankhani malo onsewo, dinani Ctrl ndi 1, ndipo mubwezere mtundu wa zilembo pa Automatic kapena kalembedwe pa General. Ndingakulangizeni kuti musathamangire Clear Formats, chifukwa imachotsa maonekedwe onse, ndipo madeti amasanduka manambala wamba amene mudzavutike kuwakonzanso.

Ena akamati tebulo lasowa amatanthauza kuti manambala alipo koma mitundu, timivi ta sefa ndi gawo la Table Design kulibe. Gawo limeneli limaoneka pokhapokha mwadina m'kati mwa tebulo, choncho yambani mwadina m'katimo. Likapanda kuonekabe, ndiye kuti wina anadina Convert to Range, imene imasandutsa tebulo kukhala timabokosi wamba, kapena fayiloyo inasungidwa ngati CSV. Mtundu wa CSV umasunga mawu ndi manambala okha a tsamba limodzi limene linali lotsegula, ndipo masamba ena onse, mitundu ndi mafomula sizilowamo. Pezani fayilo yoyamba ya mtundu wa xlsx ngati ilipo, chifukwa zimene CSV inasiya simungazitulutse m'menemo. Mtundu wakale wa xls nawonso umalekezera pa mizere 65,536 ndi makolamu 256, moti tebulo limene linali kupitirira pamenepo limaduka posunga. Ngati manambala onse alipo, asankheni n'kudina Ctrl ndi T, muchonge pa My table has headers, ndipo mulipatse dzina lomwe lija linali nalo poyamba, kuti PivotTable, chida chosonkhanitsira ziwerengero mwachidule, ndi zina zonse zimene zinkadalira dzinalo zilipezenso.

Mukafufuza monsemu osapeza kanthu, dzina kulibe mu Name Manager, ndipo mafomula a m'masamba ena akuonetsa #REF!, chizindikiro chakuti fomula ikuloza malo amene kulibenso, ndiye kuti tebulolo linafufutidwadi, ndipo muyenera kulifuna m'makope akale a fayiloyo. Mu Google Sheets pitani pa File, Version history, kenako See version history, ndipo mudzaona mndandanda wa nthawi zimene fayiloyo inasinthidwa pamodzi ndi amene anasintha. Fayilo za Excel zimene zili pa OneDrive kapena SharePoint zili ndi mbiri yofananayo pa File, Info, Version History. Ngati fayiloyo inali mu kompyuta yokha ndipo pulogalamu inazima mwadzidzidzi, yang'anani pa File, Info, Manage Workbook, pakuti AutoRecover imasunga kope mphindi 10 zilizonse ngati palibe amene anasintha nthawiyo. Onaninso mu imelo, chifukwa fayilo imene munatumizirapo mnzanu ikhoza kukhala ndi tebulo lonse.

Mukapeza kope lakale limene lili ndi tebulolo, musafulumire kudina Restore, makamaka ngati fayiloyo mumagwiritsa ntchito anthu angapo, chifukwa kutero kumabwezera fayilo yonse m'mbuyo ndipo zimene anzanu analemba pambuyo pa nthawi imeneyo zimachoka pa fayilo imene mukuigwiritsa ntchito. Tsegulani kope lakalelo palokha, kapena mu Google Sheets sankhani Make a copy, ndipo mukopere tebulo lokhalo n'kuliika mu fayilo imene mukuigwiritsa ntchito panopa. Mafomula amene anasanduka #REF! sadzikonza okha tebulo likabwerera, choncho afufuzeni ndi Ctrl ndi F polemba #REF!, n'kuwakonza mmodzimmodzi poyerekeza ndi mmene alili mu kope lakalelo, kenako muone ngati ziwerengero zonse zikugwirizana musanasunge fayiloyo.