Momwe mungayambire kukonza mawotchi owainda

Wotchi yowainda, ija yosalira batire, ikaima nthawi zambiri simakhala kuti china chathyoka ayi. Mwina mafuta akale auma n'kusanduka phula lakuda, kapena wotchiyo yangopendekeka pomwe inaikidwa. Choncho wophunzira asathamangire kumasula: ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake.

Yambani ndi wotchi yosavuta, ya pendulamu (chitsulo cholendewera chomwe chimagwedezeka uku ndi uku), imene imangoonetsa nthawi basi. Muidziwa ndi bowo limodzi lolowetsa kiyi kumaso kwake. Ya mabowo awiri imalizanso belu la maola, ya atatu imaimba kanyimbo mphindi 15 zilizonse, ndipo magiya ake ndi ochuluka moti mutu ungazungulire. Wotchi imene banja limaikonda isiyeni kaye mpaka manja azolowere. Zida zofunika ndi masikuludiraiva ang'onoang'ono, pulayazi, kopanira tinthu tating'ono, galasi lokulitsa zinthu, timitengo tosongoka, mafuta a wotchi, ndi chida chotsitsira sipuling'i.

Musanakhudze sikuluwu iliyonse, tcherani khutu. Waindani wotchiyo, kankhani pendulamu, mumve kulira kwake. Wotchi yabwino imalira mofanana, thiki, thoko, thiki, thoko. Ikamalira motsimphina, thiki-thoko kenako kampata, dziwani kuti iima posachedwa ngakhale mkati muli bwinobwino. Kwezani mbali imodzi pang'onopang'ono mpaka kulirako kufanane. Zikatero, kachitsulo kamene kamakankha pendulamu, kotchedwa crutch, kasunthireni pang'ono kumbali imene munakweza ija, kenako ikani wotchi mowongoka n'kumveranso. Mawotchi ambiri amadzuka ndi zimenezi zokha.

Ikakanabe, ndiye tsegulani. Chotsani pendulamu, mivi ndi nkhope ya manambala, kenako tulutsani makina m'bokosi. Ngati ndi wotchi yakale ya manambala owala mumdima, musapale utoto wake. Kuyambira cha m'ma 1920 mpaka m'ma 1960 ambiri ankaupanga ndi radium, chinthu chotulutsa cheza choopsa, ndipo fumbi lake ndi loopsa likalowa m'thupi.

Apa tsopano ndi poyenera kusamala kwambiri. Pa mawotchi ambiri, sipuling'i yowaindidwa imasunga mphamvu yoyendetsa wotchi masiku 8, ndipo mukalekanitsa mbale ziwiri zomwe zimagwira magiya pakati pake, sipuling'iyo isanatsitsidwe, mphamvu yonseyo imatuluka nthawi imodzi. Mano a magiya amagweluka, zala zimachekeka. Ngati sipuling'i ili poyera, imangeni kaye ndi waya wolimba kapena chomangira chake ili yowaindidwa. Lowetsani chida chotsitsira chija pa kachitsulo komwe mumalowetsapo kiyi powainda, potozani pang'ono ngati mukuwainda, kenako tukulani kachitsulo kamene kamaletsa kubwerera m'mbuyo. Lolani chigwiriro chiziterereka m'dzanja mwanu pang'onopang'ono mpaka mphamvu ithe. Osayesa ndi kiyi wamba, mapiko ake amamenya chala. Wotchi yoyenda ndi zitsulo zolendewera ilibe vutoli, mumangozichotsa.

Jambulani zithunzi ndi foni mbali zonse, kenako masulani mbale yapamwamba. Magiya muwayale pa nsalu yoyera motsatizana, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono. Atsukeni ndi kabulashi m'mankhwala otsukira mawotchi, muwaumitse bwino kuti chitsulo chisachite dzimbiri. Kenako tengani kamtengo kosongoka, kalowetseni m'bowo lililonse la m'mbale n'kukapotoza. Katuluka kakuda. Songolaninso, bwerezani mpaka katuluke koyera. Ntchito yotopetsa, koma m'mabowomo ndi momwe litsiro loimitsa wotchi limabisala. Yang'ananinso mabowowo ndi galasi: lomwe lasiya kukhala lobulungira n'kutalika mbali imodzi latha, ndipo limafuna kuikamo kamkuwa katsopano. Imeneyo ndi sitepe ya m'tsogolo.

Kubwezera n'kumene kumayesa mtima. Imikani magiya m'mbale yapansi, vundikirani yapamwamba, kenako ndi kopanira kaja lowetsani nsonga ya giya lililonse m'bowo lake, kuyambira lalikulu. Osakanikiza. Nsonga zimenezi ndi zopyapyala, zimapindika msanga. Mukamanga, kankhani giya lalikulu ndi chala, ena onse azungulire mosavuta, ndipo lililonse lizitha kusewera pang'ono pakati pa mbale ziwirizo.

Mafuta ndi amene ophunzira ambiri amaonongera ntchito yabwino. Tapani kadontho ndi nsonga ya singano, kaikeni pomwe nsonga ya giya yatulukira, kokwana theka la kadzenje kozungulira bowolo. Kena kakang'ono pa timano tiwiri tomwe timagwira ndi kusiya giya lomaliza. Pa mano a magiya enawo musaike n'komwe, chifukwa mafuta amakoka fumbi n'kuyamba kudya mkuwa. Kupopera mafuta ofewetsera zitsulo a WD-40 kumaiyendetsa wotchi kanthawi, kenako imaima itamatana kuposa kale.

Chotsala ndi kuilondoloza nthawi. Kuyambira 1656, pamene Christiaan Huygens anapanga wotchi yoyamba ya pendulamu, lamulo lake silinasinthe: pendulamu yaifupi imathamanga, yaitali imachedwa. Pansi pa chitsulo cholemera cha pendulamu pali kanati. Wotchi ikamachedwa kakwezeni, ikamathamanga katsitseni. Chitani pang'ono zedi, poti pa pendulamu ya pafupifupi mita imodzi, kusuntha milimita imodzi yokha kumasintha masekondi 43 pa tsiku, ndipo pa yaifupi kumasintha ochulukirapo. Yerekezani ndi nthawi ya pa foni, muzilemba kusiyana kwake tsiku ndi tsiku. Wotchi ya sipuling'i muiyeze sabata yathunthu musanakhudzenso kanatiko, chifukwa ikangowaindidwa kumene imayenda mosiyana ndi mmene imayendera mphamvu ikamatha.