Utoto unasiya kuyenderera pa maluwa anga

Ndimajambula maluwa a mpendadzuwa pansalu za pathebulo kuno ku Chipata. Vuto linali lakuti utoto wachikasu unkayenderera n'kusakanikirana ndi wobiriwira wa masamba, duwa lonse n'kuoneka lothimbirira.

Ndinatengera njira ya ojambula nsalu a ku Mfuwe. Ndimasakaniza fulawa ndi madzi ozizira mpaka pakhale phala lolimbirako, ndimalithira m'botolo loboola pachivindikiro, n'kulemba nalo malire a duwa lililonse. Ndikayanika padzuwa limauma gwa, utoto osadutsanso. Fulawayo musaumire: phala lamadzimadzi limangolowa m'nsalu, silitchinga kanthu. Utoto ukauma ndimapala phalalo, pamatsala mizere yoyera yomwe ndimaikonda kuposa duwa lenilenilo.

M'dzinja ndimayanika pakhonde podutsa mphepo, chifukwa phala likachedwa kuuma limachita nkhungu.