Kajambulidwe ka Mandala: Chinsinsi Chili pa Mizere ya Pensulo

Mandala tikunena pano si magalasi a m'maso ayi, koma chithunzi chozungulira chomwe maonekedwe ake amabwerezedwa kuchokera pakatikati kupita kunja. Chinachokera m'zipembedzo za Chihindu ndi Chibuda, ndipo amonke a ku Tibet amachipanga ndi mchenga wamitundumitundu kwa masiku angapo, kenako amasesa mchengawo n'kukauthira mumtsinje. Kaya ndi cha mchenga kaya cha penti, chimene chimachiimika ndi mizere yoyala poyamba. Imeneyi ikakhota, ngakhale mukongoletse bwanji, diso limaona kuti penapake papendekeka.

Pezani pepala lochindikala la 200 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) kapena kuposa, kampasi yolembera mizere yozungulira yosagwedera, protractor (chida choyezera madigiri), rula, pensulo ya 2H, chofufutira chofewa, ndi zolembera za inki yosasungunuka ndi madzi, za 0.3 ndi 0.5 mm. Pensulo yofewa ngati 2B imadetsa pepala dzanja likamakhula.

Pa pepala la masentimita 20 mbali zonse, lembani mizere iwiri yochokera pangodya kupita pangodya inzake. Pamene yapingasana ndiye pakatikati. Matanipo katepi kakang'ono musanabaye kampasi, chifukwa kabowo kakakula, mizere yozungulira yotsatira imayamba kutsetsereka. Tsegulani kampasi masentimita 1, 2, 3.5, 5, 7 ndi 9, kulemba mzere wozungulira ulendo uliwonse. Mipata yosiyana dala chonchi ndi yabwino kuposa yofanana, poti ina imalandira timaluwa tating'ono, ina masamba akuluakulu.

Pogawa m'pamene ambiri amaphonya. Magawo 8 amafuna madigiri 45, magawo 12 madigiri 30, magawo 16 madigiri 22.5. Magawo 6 safuna protractor: kampasi ikhale yotseguka monga munalembera mzere wozungulirawo, muiyendetse pamzerepo, ikwana kasanu ndi kamodzi ndendende. Protractor mukaiika musaisunthesunthe. Werengani madigiri onse kuchokera pamzere umodzi woyambira, osati kuchokera pa chizindikiro chomwe mwangolemba, chifukwa tizolakwika timaunjikana mpaka gawo lomaliza limatsala lopapatiza. Digiri imodzi yokha, pa mtunda wa masentimita 10 kuchokera pakati, imasanduka mpata wa mamilimita pafupifupi 1.7, ndipo pa chithunzi chotere zimenezo zimaonekeratu. Mzere uliwonse udutse pakatikati mpaka tsidya linalo.

Nanga maonekedwe muwatenga kuti? Yang'anani zinthu zomwe zinagawika kale mozungulira: lalanje lodulidwa pakati, ukonde wa kangaude, duwa la mpendadzuwa. Duwa la hibiscus lili ndi timasamba tisanu, ndiye kuti madigiri 72. Tengani maonekedwe atatu kapena anayi okha, monga tsamba, dontho la madzi, uta ndi kangodyatatu, muziwasintha kukula ndi koloza. Ochuluka kuposa apa amalimbirana malo.

Yambani pakati. Chimene mwajambula m'gawo limodzi, chibwerezeni m'magawo onse musanapite kumzere wotsatira. Musamazungulire motsatizana, chifukwa dzanja limasintha pang'onopang'ono osadziwa, ndipo tsamba lomaliza likakumana ndi loyamba amasiyana. Jambulani la pamwamba, kenako la pansi, lakumanja, lakumanzere, n'kudzaza otsalawo. Zunguzani pepala, osati mkono, kuti uta uliwonse ukokedwe mofanana. Ndipo siyani mpata umodzi wopanda kanthu kuti maso apumirepo; oyamba kumene amaopa kutero, koma ndi umene umaonetsa bwino mipata yodzaza.

Mukadutsitsa inki, dikirani mphindi zosachepera 15 musanafufute pensulo. Inki imaoneka youma pamwamba pomwe pansi idakali yaiwisi. Ikaninso kapepala koyera pansi pa dzanja pogwira ntchito.

Mitundu isapitirire inayi kapena isanu. Kuyamba ndi yowala pakati n'kumapaka yoderako pang'onopang'ono kupita kunja kumakokera maso pakatikati. Penti ya acrylic imaderako ikauma, choncho iyeseni kaye pa kapepala kapadera.

Mandala a madontho amafuna chisamaliro china. Pakani penti yakuda pa kanivasi kapena pa thabwa kawiri, iume, ndipo mizere yotsogolera muilembe ndi pensulo ya choko yoyera, yomwe imachoka ndi kansalu konyowa. Penti ikhale ngati yogati: yolimba kwambiri imasiya kansonga pa dontho ndipo nthawi zina imang'aluka pouma, yamadzi kwambiri imayenderera n'kulumikizana ndi dontho loyandikana nalo. Thirani madzi dontho limodzilimodzi posakaniza. Mutu wa msomali, kumbuyo kwa burashi ndi kamtengo kotokosera m'mano zimapereka madontho a misinkhu itatu. Chidacho chiime chilili, chikhudze n'kunyamuka osapotoza. Kuti madontho afanane, viikani mu penti pa dontho lililonse. Kuti azichepa motsatizana, viikani kamodzi n'kudontheza kanayi kapena kasanu. Dontho likalakwika, lichotseni lidakali laliwisi ndi kathonje konyowa, kapena lisiyeni liume mulipake chakuda. Vanishi ndi womaliza, patatha masiku awiri kapena atatu, ndipo choko chonse chikhale chitapukutidwa, chifukwa chikatsekeredwa pansi pake sichidzachokanso.