Katemedwe ka mankhwala azitsamba motsata mwambo kuno ku Harare

Aliyense amene anadutsapo pa Mbare Musika anaona milu ya makungwa ndi mizu yoyalidwa pamasaka. Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Kasungu timagula pomwepo, komabe agogo a ku Mufakose ndi ku Mabvuku amalimbikira kunena kuti mankhwala ogula alibe mphamvu yofanana ndi odzitemera, chifukwa wogula sadziwa dzanja limene linatema ndiponso ngati linasunga miyambo. Amene akufuna kudzitemera ayenera kuidziwa miyamboyo, ndipo adzaona kuti zambiri zimene achinyamata amazitcha zamatsenga ndi zimene zimasunga mtengo wamoyo.

Yambani ndi kuudziwa mtengo ndi maina ake awiri, la Chichewa ndi la Chishona, popeza amene angakulozereni njira kuthengo kuno ndi eni dziko. Muula ndiwo muhacha, mlombwa ndiwo mubvamaropa, ndipo muwawani, uja wa nyemba zazitali, amautcha muremberembe. Ulendo woyamba pitani ndi munthu wamkulu wodziwa mitengo, ndipo ngati mukukayikabe, tengani masamba ndi chipatso mukafunse akatswiri a ku National Herbarium ku Alexandra Park. Kulakwitsa pamenepa kumapha. Mizu ya bwazi, umene Ashona amati mufufu, ndi yapoizoni, njere za nsatsi nazonso n'chimodzimodzi, ndipo khungwa la mwabvi, limene kale ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, linapha ochuluka osalakwa.

Musanalowe m'thengo la ku Domboshava kapena ku Seke, kaonekereni kwa sabhuku, amene kwathu tikanati nyakwawa, ndipo ku malo otetezedwa monga Mukuvisi Woodlands musatemeko kanthu. Ilipo mitengo imene mwambo umaletsa kuikhudza ngakhale mwapatsidwa chilolezo cha malo. Wa pamanda suchotsedwa khungwa, ndipo umene unagwidwa ndi mphenzi akuluakulu amati usiyidwe, nkhuni zake zisalowe n'komwe m'nyumba. Koposa yonse ndi mitengo yopempherapo mvula. Ashona amachita mwambo wawo wa mukwerera patsinde pa muhacha, monga momwe makolo athu ankathirira nsembe pansi pa msolo kapena mpoza, ndiponso monga momwe nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, imasungidwira osadulamo mtengo. Mukapeza muula umene patsinde pake paseseredwa, pali mbiya kapena zipanda zakale, dziwani kuti uli ndi eni ake, ndipo pitirirani mukafune wina.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Mayi wina wokalamba wa ku Mufakose, amene ndinamuperekezapo, atafika pamtengo anavula nsapato, nagwada, naomba m'manja katatu, kenaka anathira kaufa ka chimanga patsinde uku akutchula dzina la wodwala ndi matenda ake. Atatero m'pamene anatulutsa kasemasema. Anasenda kachigamba ka khungwa kosaposa chikhatho chake kumbali ya kum'mawa, nazungulira kukasenda kena kumbali ya kumadzulo, mbali ziwiri zotsalazo osazikhudza. Pomaliza anakanda dothi lonyowa namata pamabala onse awiri. Iye amafotokoza kuti matenda amatuluka ndi dzuwa ndi kukalowa nalo limodzi, choncho khungwa la kumpoto ndi la kumwera silichiza. Kaya munthu akhulupirira zimenezi kaya ayi, achite chimodzimodzi, chifukwa chakudya cha mtengo chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa, ndipo mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu lonse umauma. Lamulo lina limaletsa kutema pamtengo umene uli ndi bala laliwisi la munthu wina, ati matenda a wodwala wake angakutsateni, ndipo potero mtengo umapeza nthawi yopola. Kumene malamulowa anatayidwa chifukwa cha malonda zotsatira zake zikuoneka: muranga, mtengo wa khungwa lowawa ngati tsabola, unatsala pang'ono kutheratu m'Zimbabwe muno.

Pokumba mizu, tsatani muzu umodzi kapena iwiri ya m'mbali, mudule ndi mpeni wakuthwa, muzu waukulu wolowa pansi muusiye, ndipo dzenjelo mulikwirire. Mukafika kunyumba yanikani pamthunzi, osati padenga la malata, ndipo kaphukusi kalikonse mulembepo dzina la mtengo, popeza makungwa akauma amafanana. Za muyeso funsani sing'anga wodziwika, makamaka wolembetsedwa ku ZINATHA, bungwe la asing'anga limene linakhazikitsidwa mu 1980. Ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala, monga a shuga kapena ma ARV, musawasiye, ndipo muuzeni dokotala za zitsamba zimene mwaonjezera. Mayi woyembekezera ndi mwana wakhanda asapatsidwe.

Mankhwala ena satemedwa pofuna kumwa koma kutsirika nyumba, ndipo mvula ya chizimalupsa ikayandikira mabanja ena amakwirira timizu m'ngodya zinayi za bwalo kuti mphenzi yotumizidwa isagwepo. Mwambowu suvulaza munthu, koma usakupatseni mtima wobisala pansi pa mtengo kukamachita ziphaliwali. Chimene muyenera kupewa kotheratu ndi kuloza chala munthu mvula ikachedwa. Nkhalamba zambiri zazunzikapo ponamiziridwa kuti zamanga mvula, nthawi zina chifukwa chongopezeka ndi mizu m'nyumba. Lamulo la atsamunda la 1899 loletsa zaufiti linasinthidwa mu 2006, ndipo tsopano kuchita zaufiti pofuna kuvulaza wina ndi mlandu, komanso kumutchula munthu kuti ndi mfiti popanda umboni ndi mlandu umene ungakufikitseni kukhoti. Choncho mizu yanu isungeni poyera, ndipo anansi akafunsa auzeni dzina la mtengo ndi ntchito yake.