Mmene mungafufuzire mbiri ya seminale ya arabi achiyuda ya ku Breslau

Amene mukufuna kulondola mbiri ya seminale imene inkasula arabi (aphunzitsi ndi atsogoleri a chipembedzo) achiyuda ku Breslau, yambani ndi kudziwa kuti mzindawu, umene kale unali m'dziko la Germany, tsopano umatchedwa Wrocław ndipo wakhala uli m'dziko la Poland kuyambira mu 1945, choncho pofufuza pa intaneti muzilemba mayina onse awiri. Musasokoneze anthu awiri a mayina ofanana: Jonas Fränckel anali wamalonda amene anamwalira mu 1846 n'kusiya chuma chokhazikitsira sukuluyi, pamene Zacharias Frankel anali rabi amene anakhala mkulu wake woyamba itatsegulidwa mu 1854.

Kenako funafunani zimene seminaleyo inkasindikiza yokha. Malipoti ake a chaka ndi chaka ndiwo gwero lodalirika kwambiri, chifukwa amanena za maphunziro ndi aphunzitsi a chaka chimenecho, ndipo kawirikawiri amakhalanso ndi nkhani ya kafukufuku yolembedwa ndi mmodzi wa aphunzitsiwo. Muwaphatikize ndi magazini ya Monatsschrift für Geschichte und Wissenschaft des Judentums, imene Frankel anaiyambitsa mu 1851 ndipo pambuyo pake anaiyendetsa Heinrich Graetz, mphunzitsi wa mbiri pa seminalepo. Zambiri mwa izi zili m'Chijeremani, kotero ngati chinenerocho simuchidziwa, pezani wokuthandizani musanapite patali.

Mbiri imene Marcus Brann analemba mu 1904, sukuluyi itakwanitsa zaka 50, ndi yothandiza pa mayina a ophunzira, koma muiwerenge mukukumbukira kuti wolembayo anali mphunzitsi wa pomwepo, ndipo mwini nyumba sakonda kuloza pamene denga likudontha. Kuti mumve mbali inayo, werengani zimene ankanena Samson Raphael Hirsch, rabi wosunga mwambo amene anatsutsa seminaleyi chifukwa inkafufuza chilamulo cha makolo ngati chinthu chimene chinakula ndi kusintha m'kupita kwa nthawi. Mkangano umenewu ndiwo mtima wa nkhani yonse, ndipo wofufuza amene waulambalala amangotsala ndi mndandanda wa madeti.

Gawo lovuta ndi lomaliza. Boma la Nazi linatseka seminaleyi mu 1938 n'kulanda mabuku ake, amene nkhondo itatha anamwazikana: ena anapita ku Switzerland, ena ali ku Jewish Historical Institute ku Warsaw. Lemberani malo osungira mabukuwa kalata musanakonze ulendo, ndipo afunseni ngati ali ndi mabuku okhala ndi chidindo cha seminale ya ku Breslau.