Momwe mungaunikire phindu la kafukufuku wa asilikali pa chuma cha dziko

Kawirikawiri timamva kuti ndalama zimene maboma amathira pa kafukufuku wa asilikali zimabala luso lomwe pambuyo pake limatukula chuma. Sizikhala choncho nthawi zonse, ndipo mungathe kudziunikira nokha potsata njira zotsatirazi, zomwe tazifotokoza potengera chitsanzo cha GPS, luso logwiritsa ntchito masetilaiti posonyeza malo amene munthu kapena chinthu chili.

Choyamba, sankhani luso limodzi n'kufufuza amene adalipira ntchito yoyambirira. Unduna wa zachitetezo wa dziko la America udayamba ntchito ya GPS mu 1973, ndipo setilaiti yoyamba idatumizidwa m'mlengalenga mu 1978 pofuna kuti sitima ndi ndege zankhondo zizidziwa pamene zili.

Chachiwiri, funsani kuti lusolo lidafika liti m'manja mwa anthu wamba, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1983, asilikali a Soviet Union atawombera ndege ya Korean Air Lines yomwe idasochera n'kulowa m'dera lawo, Pulezidenti wa America Ronald Reagan adalengeza kuti GPS idzaperekedwa kwa anthu wamba. Ngakhale zidali choncho, asilikali ankasokoneza dala mauthenga ochokera ku masetilaiti, moti chipangizo cha munthu wamba chinkatha kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100, mpaka mu Meyi 2000 pamene boma la Bill Clinton lidathetsa mchitidwewu. Kuyambira pamenepo makampani ambiri adalimba mtima kuikapo ndalama zambiri, ndipo lero kadontho kabuluu kamene kamayenda pa mapu a m'foni yanu kamatha kusonyeza ngakhale mphambano imene mwaima. Kwa ine, chiganizo cha 2000 n'chofunika pa chuma monga momwe zilili ndalama za 1973.

Chachitatu, onani ngati asilikali adakhalanso ogula oyamba. M'zaka za m'ma 1960, mizinga ya dziko la America ya Minuteman II idagwiritsa ntchito tizipangizo tamagetsi totchedwa chip tambirimbiri, ndipo mafakitale atazolowera kutipanga, mtengo udatsika mpaka makampani wamba adayamba kukwanitsa.

Chachinayi, werengerani zomwe zidatayika. Injiniya amene akupanga mzinga sakupanga makina a m'chipatala kapena a ulimi. Soviet Union idawononga chuma chochuluka pa zida, koma popeza zambiri zinkasungidwa mwachinsinsi, mafakitale opanga katundu wa m'nyumba sadapindule kwenikweni.

Pomaliza, yang'anani ziwerengero za bungwe la SIPRI la ku Stockholm, lofufuza za mtendere ndi zida zankhondo, lomwe lidapeza kuti mu 2023 maiko onse adagwiritsa ntchito madola 2,443 biliyoni pa zankhondo. Musatenge ndalama zonsezi ngati za kafukufuku: patulani malipiro a asilikali, mafuta ndi zida zogula kunja, chifukwa dziko logula zida kunja limakhala likulipirira akatswiri ndi mafakitale a dziko lina.