Kaliwo wa meerschaum: mmene amafiirira komanso kasamalidwe kake

Kaliwo wa meerschaum mukangomugula amakhala woyera mbuu ngati choko, ndiye anthu akaona wa mnzawo wofiirira bwinobwino ngati uchi wokhalitsa amaganiza kuti wapakidwa vanishi kapena penti. Ayi ndithu. Mtundu umenewo umachokera mkati mwa mwala ndipo umabwera mwakachetechete, miyezi, zaka, moti ngati muli ndi phuma ndikuuzirenitu kuti chinthuchi chikutopetsani.

Tiyambe ndi chomwe mwagwira m'manjacho. Meerschaum ndi mwala, akatswiri amautcha sepiolite, wofewa woti chikhadabo chimaukanda, wopepuka moti ukauma umatha kuyandama pamadzi. Dzinalo ndi la Chijeremani, tanthauzo lake thovu la m'nyanja. Wabwino kwambiri amaukumba ku Turkey, dera la Eskişehir, mwalawu eni ake amautcha lületaşı. M'zaka za m'ma 1800 osema otchuka anali ku Vienna, koma m'ma 1970 boma la Turkey linaletsa kutumiza kunja mwala wosasema, nchifukwa chake masiku ano akaliwo ambiri amasemedwa konko. Mwalawu uli ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, uli ngati siponji youma, ndiye mukamasuta umamwa chinyezi ndi mafuta a mu utsi. Mafuta amenewo ndi amene amayenda pang'onopang'ono kuchoka mkati kubwera kunja n'kusandutsa choyera chija kukhala chachikasu, kenako chagolide, kenako khofi, ena mpaka kufiira kodera.

Koma si kaliwo aliyense woyera amene angachite zimenezi. Pali wosemedwa kuchokera ku chibuluma chimodzi cha mwala, ndiye pali wina amene amatenga zinyenyeswa ndi fumbi lotsala posema, kusakaniza ndi zomatira, kupanikiza mu chikombole basi watuluka kaliwo. Wachiwiriyu amakhala wolemererako, timabowo tija tinatsekeka, mungasute mpaka imvi safiira bwino. Njira yakale yoyesera ndi iyi: nyowetsani chala ndi malovu mugwire mkati mwa mutu, momwe mumalowa fodya, kaliwo asanasutidwepo. Akakhala weniweni chala chimakhala ngati chikumata ndipo malovu aja amauma msanga chifukwa mwala wamwa. Si njira yotsimikiza zonse ayi, koma imathandiza.

Tsopano nkhani ya phula, apa mpamene pagona nkhani yonse. Wosema amaunyika kaye mwala m'madzi kuti ufewe ngati sopo, amasema, kuumitsa, kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri, kenako kuviika mu phula la njuchi losungunuka. Kale ankagwiritsanso ntchito mafuta a anangumi. Phula lija silongowalitsa chabe, limalowa pang'ono m'timabowo ta kunja ndipo mafuta a fodya akafika pamenepo limawagwira kuti aoneke. Popanda phula mafutawo amangobalalika mkati, kunja kumaoneka kotuwa ngati phulusa. Ndiye adani a mtundu wabwino ndi awiri basi, kutentha kwambiri komwe kumathamangitsa phula, ndi litsiro la m'manja lomwe limakakamira pa phula lofunda.

Mukamasuta, sutani modekha. Kaliwo akatentha moti simungamugwire momasuka, muikeni pansi azizire. Mudzaona kuti mtundu umayambira pakhosi, paja pamene mutu umalumikizana ndi kapaipi ka pakamwa, komanso pansi pa mutu, chifukwa kumeneko nkozizirirapo ndipo chinyezi cha utsi chimaunjikana kumeneko. Pamwamba pomwe pali moto pamatsalira kuyera nthawi yaitali, musadabwe, si kuti kaliwo wanu ndi wachinyengo. Amene zimawanyansa zimenezi amagula kamutu kapadera kolowetsa pamwamba, fodya amayakira m'kamutuko, kaliwo weniweniyo amangolandira utsi wozizirirapo ndiye amafiira mofanana mbali zonse. Poonekera sizikongola kwenikweni, zimakhala ngati kaliwo wavala chipewa, koma zimagwira. Ambiri amanenanso kuti kusuta tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo kenako kumupumitsa kumathandiza kuti mafuta akwere kunja, ine ndimachita choncho ndipo ndimaona kusintha akapuma. Paja fodya ndi fodya, kaliwo wokongola sachepetsa zomwe utsi umachita m'thupi, ndiye musachulukitse kusuta pofuna mtundu.

Za magolovesi anthu amakangana mpaka kalekale. Ena amati osamugwira ndi dzanja, valani magolovesi oyera a thonje kapena mugwireni ku kapaipi kokha. Ena amati aaa kaliwo si dzira. Ine ndili pakati: sambani m'manja, basi, ndipo miyezi yoyambirira musamagwire mutu ukadali wofunda. Ndinaphunzira mowawa, ndinamugwira wanga wotentha nditangowerenga nyuzipepala, inki ya ku chala chachikulu inalowa mu phula n'kusiya chidindo chooneka mizere yonse ya chala, mpaka lero chilipo kumanzere kwa mutu, chinangoderako limodzi ndi kaliwoyo.

Kutsuka nkosavuta koma musamachite ulesi. Mukamaliza, akazizira, khuthulani phulusa mosagogoda pa tebulo kapena pa nsapato, mwalawu umasweka. Pindani tishu mupukute mkati mwa mutu mozungulira. Amene anazolowera akaliwo a mtengo amasiya chikhakha chakuda chija cha zotsalira za fodya wopsa chimere mkati kuti chiteteze mtengo, koma kwa meerschaum ayi, mwala supsa, ndipo chikhakha chikakhuthala chimafutukuka ndi kutentha mosiyana ndi mwala mpaka kung'amba mutu. Chikayamba kumera chipaleni pang'onopang'ono ndi sandipepa wokulunga pa chala. M'kapaipi lowetsani kawaya ka thonje kaja kotsukira. Sipiliti kunja osayerekeza, amasungunula phula n'kusiya mawanga. Ndipo pochotsa kapaipi dikirani azizire kaye, gwirani pakhosi penipeni osati kumutu, zungulirani mofatsa cha kumanja pochotsa ndi pobwezera pomwe, ngati ali wa masiku ano wongolowetsa. Akale ena ali ndi kasikuluwu ka fupa, amenewo mukakakamiza khosi limathetheka ndipo kukonza kwake nkovuta.

Pakapita nthawi kunja kumayamba kuoneka kouma, kotuwa, kuwala kuja kwatha. Ndi nthawi yopakanso phula. Pezani phula la njuchi loyera, lenileni, osati kandulo wamba. Limasungunuka pa madigiri pafupifupi 62 mpaka 64, ndiye musaliike pa moto mwachindunji chifukwa limatha kuyaka, ikani kachitini ka phula m'poto wa madzi otentha. Chotsani kapaipi, pukutani kunja ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono kuti litsiro lichoke, musiyeni aume. Tsekani kukamwa kwa mutu ndi bowo la pakhosi ndi zitsekero zonga za botolo la vinyo, phula likalowa mkati kukoma kwa fodya kumaonongeka ndipo timabowo tomwera mafuta timatsekeka. Mufunditseni kaliwo ndi dirayara ya tsitsi, afunde chabe asatenthe, kenako pakani phula ndi kaburashi kofewa, kapena muviikeni kwa kanthawi kochepa mukumutembenuza. Apa pamachitika zosangalatsa, mumangoona mtundu ukutuluka pamaso panu, malo amene anali achikasu chotuwa akusanduka khofi wowala ngati mwanyowetsa mwala wa mumtsinje. Musasangalale kwambiri, akazizira mtundu umabwererako pang'ono. Phula lotsala m'makwinya a zosemazo, ngati m'ndevu za nkhope zija amakonda kusema, lifewetseni ndi dirayara mulichotse ndi burashi ya mano yakale yofewa, kenako pukutani ndi nsalu ya thonje mpaka awale. Kamodzi kapena kawiri pachaka nkokwanira, kupaka sabata iliyonse kumangomupangitsa kunanda m'manja.

Njira zachidule zilipo, ndisakubisireni. Ena amamutsekera m'botolo n'kumauziramo utsi masiku angapo, amatuluka wachikasu ndithu koma mtunduwo uli pamwamba pa phula, mukapukuta umachoka ndipo amanunkha ngati mbale ya phulusa. Ena amapaka tiyi, khofi, ngakhale polishi wa nsapato, zimenezo zimangotseka timabowo. Palinso ogulitsidwa atadetsedwa kale kufakitale ndi utoto kapena mafuta, ngati ambiri a mwala wa ku Tanzania amene ankatuluka ali akuda kapena achikasu kale. Amenewo palibe cholakwika bola mukudziwa chomwe mukugula, kungoti sasintha kwambiri ngakhale muwasute bwanji.

Posunga, dikirani azizire ndi kuuma musanamubwezere m'kabokosi kake. Mukamuika ali wofunda nsalu ya m'kabokosimo imamwa phula, nthawi zina imasiyanso utoto wake pa mwala. Osamusiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka mawindo, komanso osamutulutsa wotentha kupita naye pa mphepo yozizira kwambiri, kusintha kwadzidzidzi koteroko ndi kumene kumabweretsa timing'alu tija tooneka ngati tsitsi.